Mabuleki a ngolo ku America: cigawo ciliconse ndi lamulo lake

Munthu amene wagula ngolo yokokedwa ndi galimoto mumzinda wa Houston, m'cigawo ca Texas ku America, angathe kuipakira katundu mpaka yonse pamodzi ilemere makilogiramu 1,800, nkuyenda nayo ilibe mabuleki akeake, ndipo wapolisi wa pamseu sadzamupeza ndi mlandu. Koma munthu yemweyo akalunjika kum'mawa, nayenda maola ngati awiri ndi kuoloka mtsinje wa Sabine kulowa m'cigawo ca Louisiana, ngolo yomweyo yalakwira kale lamulo, pakuti kumeneko ngolo yolemera mapaundi 3,000, amene ndi makilogiramu 1,361, iyenera kukhala ndi mabuleki.

Pa ngoloyo palibe cimene casintha. Casintha ndi dothi limene mawilo ake akupondapo.

Kwa ife kuno ku Zambia nkhani yotere imveka yacilendo. Lamulo lathu la pamseu, Road Traffic Act la caka ca 2002, ndi limodzi kucokera ku Chipata mpaka ku Mongu, ndipo bungwe la RTSA limene linakhazikitsidwa ndi lamulolo liyang'anira dziko lonse. Ku America zinthu sizili tero. Dzikolo lili ndi zigawo 50, ndipo zigawozo sizilandira malamulo onse kucokera ku likulu monga zicitira zathu. Ciliconse cili ndi nyumba yake ya malamulo, bwanamkubwa wake wosankhidwa ndi anthu, makhoti ake ndi apolisi ake. Malamulo aakulu a dzikolo, m'ndime imene inaonjezedwa m'caka ca 1791, anena kuti mphamvu zimene sizinaperekedwe ku boma lalikulu la ku Washington zitsala m'manja mwa zigawo kapena mwa anthu. Kayendedwe ka pamseu kali m'gulu la mphamvu zotsalazo.

Boma lalikulu lili ndi mbali yake, koma ndi yamalire. Bungwe lake la NHTSA, limene linakhazikitsidwa mu 1970, liika miyezo imene opanga magalimoto ndi ngolo zatsopano ayenera kutsata, monga ya nyale, ya matayala ndi ya mabuleki a mphepo a ngolo zazikulu za malole. Bungwe lina, la FMCSA, limene linayamba nchito pa 1 Januwale 2000, liyang'anira magalimoto a malonda odutsa malire a zigawo. Pakati pa mabungwe awiriwa patsala mpata waukulu. Ngolo ya mlimi yonyamula ng'ombe, ngolo ya msodzi yonyamula boti, kalavani ya banja lopita kukaceza kutali, ndi ngolo yobwereka tsiku losamuka nyumba, zonsezi zili mumpatamo. Funso lakuti ngolo zotere ziyenera kukhala ndi mabuleki kapena ai liyankhidwa ndi cigawo ciliconse pacokha.

Kuti tione bwino kusiyanako, titsate mseu umodzi. Mseu waukulu wa Interstate 10 ucokera ku Jacksonville m'cigawo ca Florida kukathera ku Santa Monica m'cigawo ca California, mtunda wa makilomita pafupifupi 3,960, ndipo udutsa m'zigawo 8.

Ku Florida, kumene mseuwo uyambira, ngolo yopitirira mapaundi 3,000 iyenera kukhala ndi mabuleki pa mawilo ake onse. Ngakhale yocepera pamenepo siimasuka cabe. Lamulo la kumeneko liona kaye galimoto imene ikukoka: ngati kulemera kumene kuli pa mawilo a ngolo kwapitirira magawo 40 pa 100 a kulemera kwa galimotoyo, mabuleki afunika ndithu. Motero galimoto yaing'ono ya makilogiramu 1,600 singakoke ngolo yopanda mabuleki yoposa makilogiramu 640, ngakhale kuti ngoloyo ili kutali ndi malire a mapaundi 3,000 aja. Mwa malamulo onse amene tichule pano, ili ndi lomveka koposa, cifukwa liyesa zinthu ziwiri zimene ziyendera pamodzi, cokoka ndi cokokedwa.

Texas ndiye womasuka. Kumeneko malire ndi mapaundi 4,500, kapena kuti makilogiramu 2,041. Ndipo pali ndime ina yodabwitsa: ngolo yolemera kufika mapaundi 15,000, amene ndi matani pafupifupi 7, iloledwa kuyenda yopanda mabuleki malinga ngati woyendetsa sapitirira liwiro la mamailosi 30 pa ola, ndiwo makilomita 48. Zioneka kuti amene ndimeyi iwayanja kwambiri ndi alimi okoka zokolola pa miseu ya kumidzi. Mbali ya Interstate 10 imene ili mu Texas yokha ndi makilomita oposa 1,400, mtunda wotsala pang'ono kufanana ndi wocokera ku Livingstone kufika ku Nakonde. Munthu angayende tsiku lathunthu m'cigawoco mpaka kuiwala kuti kunja kuli malamulo ena. Akafika ku Arizona apezanso malire a mapaundi 3,000.

Ku California, kumene mseu uthera pa nyanja, ngolo wamba ya mapaundi 3,000 iyenera kukhala ndi mabuleki pa mawilo osacepera awiri, koma kalavani yogonamo anthu ifunika mabuleki ikangofika mapaundi 1,500, amene ndi makilogiramu 680. Ndiko kunena kuti kalavani yololedwa ku Texas ingakhale yolemera kuwirikiza katatu kuposa yololedwa ku California, zonse zilibe mabuleki. Kuonjezera apo, aliyense wokoka ngolo ku California saloledwa kupitirira mamailosi 55 pa ola, pafupifupi makilomita 89, ngakhale pa mseu umene ena athamanga kuposa apo, ndipo ayenera kuyenda ca m'mbali mwa mseu, m'mizere ya magalimoto oyenda pang'onopang'ono.

Kumpoto, kutali ndi mseu umene tatsatawu, cigawo ca New York ciwerenga m'njira yakenso. Ngolo imene payokha, isanapakidwe kanthu, ilemera kuposa mapaundi 1,000 ifunika mabuleki. Ifunikanso mabuleki ngolo yopangidwa kuyambira caka ca 1971 imene pamodzi ndi katundu ipitirira mapaundi 3,000.

Apa pali msampha umene ukola ambiri. Mau akuti kulemera satanthauza cinthu cimodzi m'malamulo onsewa. Kwina anena kulemera kwa ngolo yopanda kanthu, kwina kulemera kwake pa sikelo tsiku limenelo ili ndi katundu, ndipo kwina anena nambala imene wopanga anadinda pa kacitsulo ka pa ngoloyo, yosonyeza kulemera kothera kumene ngoloyo iloledwa kufika. Munthu woona nambala yokha pa mndandanda wa pa intaneti, osawerenga mau a lamulo lenileni, angadziyese wosalakwa pamene walakwa kale. Ndiponso nambala ya galimoto ya cigawo cina si cishango codalirika. Zigawo zilemekezana pa malaisensi ndi pa kalembera wa magalimoto, koma malamulo ambiri a mabuleki analembedwa kuti agwire galimoto iliyonse yoyenda pa miseu ya cigawoco, kaya yacokera kuti.

Sikuti anthu a ku America sanayesepo kugwirizanitsa malamulowa. Mu 1924 a Herbert Hoover, amene panthawiyo anali nduna yoona za malonda asanakhale mtsogoleri wa dzikolo, anaitanitsa msonkhano wokambirana za ngozi za pamseu. Mu 1926 munatuluka citsanzo ca malamulo cochedwa Uniform Vehicle Code, coti zigawo zizikoperako. Koma citsanzo sicikakamiza munthu. Zigawo zina zinatenga zambiri, zina zinatola zimene zinakonda, ndipo zina zinasintha manambala. Zotsatira zake ndi zimene tiona lero: nambala ya mapaundi 3,000 ipezeka m'zigawo zambiri ndithu, koma osati m'zonse.

Nanga ndi cifukwa ciani nkhani ya manambala iyenera kutidetsa nkhawa? Yankho lili pa cimene cicitika woyendetsa akaponda mabuleki mwadzidzidzi. Mabuleki ndi matayala a galimoto anapangidwa kuti aimitse galimotoyo ndi katundu wake. Tiyerekeze vaneti yolemera makilogiramu 2,500 ikukoka ngolo ija ya ku Houston ya makilogiramu 1,800. Tsopano matayala anai a vaneti ayenera kuimitsa makilogiramu 4,300, pamene mawilo a ngolo angogubuduka osathandizapo. Mwa kuwerengera kwapafupi, mtunda woimira utalika ndi magawo ngati 70 pa 100. Pamene vaneti yokha ikanaima pa mamita 40, iyi ikaima pafupi ndi mamita 70. M'mamita 30 oonjezekawo ndi mmene mukhala mwana wooloka mseu kapena galimoto yoima pa maloboti. Liwiro nalo silikhululuka: likawirikiza kawiri, mphamvu yoti mabuleki aiphe iwirikiza kanai.

Pamtsetse vuto likula. Ngolo ikankha galimoto kumbuyo, woyendetsa apondereza mabuleki kosalekeza, zitsulo zitentha, ndipo mabuleki otentha aleka kugwira. Aliyense amene anatsikapo mapiri a Manenekela pa mseu wa Great East ali pambuyo pa lole yolemedwa adziwa fungo la mabuleki opsa. Pokhota, ngolo yokankha ingathenso kupotoza kumbuyo kwa galimoto mpaka ziwirizo zipindane ngati mpeni wa m'thumba. Zimenezi zicitika mofanana ku Texas ndi ku California. N'cifukwa cake opanga magalimoto ambiri, m'mabuku amene apereka kwa ogula, alamula mabuleki pa ngolo yopitirira mapaundi 1,000 kapena 1,500, kutsika kwambiri kuposa zimene zigawo zambiri zifuna.

Mabuleki a ngolo zazing'ono ku America ali a mitundu iwiri, ndipo uliwonse uli ndi cilema cake. Ofala kwambiri ndi a magetsi. M'galimoto, pafupi ndi woyendetsa, muikidwa kabokosi kamene katumiza magetsi ku ngolo nthawi iliyonse iye akaponda mabuleki. M'kati mwa wilo lililonse la ngolo muli maginito amene akalandira magetsi akakamira citsulo cozungulira, nakankha zogwirira kuti zifinye wilo. Tumabokosi twabwino tuyesa mmene galimoto ikucepetsera liwiro ndi kutumiza mphamvu yolingana nayo. Twotsika mtengo tungotumiza mphamvu imene munthu anaikiratu. Ngolo ingakhale ndi mabuleki atsopano pa mawilo onse, koma ngati m'galimoto mulibe kabokosika, kapena pulagi yolumikiza ndi ija ya mano anai yonyamula magetsi a nyale zokha m'malo mwa ya mano 7, mabulekiwo ndi cokongoletsa cabe.

Ubwino waukulu wa mabuleki a magetsi ndi wakuti woyendetsa angathe kugwira mabuleki a ngolo yokha ndi dzanja, osakhudza a galimoto. Ngolo ikayamba kugwedeza mcira uku ndi uku, munthu wamantha aponda mabuleki a galimoto ndi kulimbana ndi ciongolero, ndipo apo m'pamene zinthu ziipiratu. Odziwa alangiza kucotsa phazi pa mafuta, kugwira ciongolero molunjika ndi kukoka pang'onopang'ono mabuleki a ngolo, kuti ngoloyo iwongoke ngati cingwe cokokedwa kumbuyo.

Mtundu waciwiri sufuna kabokosi. Pa mkono wa ngolo, citsulo cija cimene cifika ku galimoto, pali pampu ya mafuta a mabuleki. Galimoto ikacepetsa liwiro, ngolo iikankha, mkono ufinyika, ndipo pampu itumiza mafuta ku mawilo. Ngolo idzigwira yokha ndi kulemera kwake komwe. Mabuleki otere akondedwa pa ngolo za maboti, zimene zimizidwa m'madzi kumene magetsi sagwirizana nako, ndiponso pa ngolo zobwereketsa, cifukwa zikokedwa ndi galimoto yosiyana tsiku lililonse. Cilema cake n'cakuti sadziwa kusiyanitsa kuima ndi kubwerera m'mbuyo. Pobweza galimoto amagwira, pokhapo pakhale kocingira. Mukaima pa citunda mutayang'ana kumwamba sagwira konse, pakuti ngolo ikukoka m'malo mokankha. Ndipo woyendetsa alibe njira yowagwirira yekha.

Cifukwa ca cilema cotsirizaci, kwa zaka zambiri boma lalikulu silinali kuwavomereza pa magalimoto a malonda. Mkanganowo unatha mu Epulo 2007, pamene lamulo latsopano la FMCSA linayamba kugwira nchito. Linalola mabuleki otere pa ngolo zofika mapaundi 12,000 ngati muyezo wa kulemera kwa ngolo suposa wa galimoto kuwirikiza 1.75, ndi pa ngolo zofika mapaundi 20,000 ngati suuposa kuwirikiza 1.25.

Mabuleki onsewa athandiza pamene ngolo ikali yokolowekedwa. Koma ngozi yoopsa kopambana ndi ya ngolo yomasuka, yothamanga yokha pa mseu popanda woiwongolera. Pa nkhani iyi malamulo aika zochinjiriza ziwiri.

Coyamba ndi maunyolo, amene ambiri amati macheni. Zigawo zoculuka ziwafuna. Lamulo la California linena kuti unyolo ukhale wolimba mokwanira kugwira ngolo ngati cokolowekera calephera, ndiponso usalendewere kuposa mmene kukhota kufunira. Texas, ngakhale ndi womasuka pa mabuleki, aletsa galimoto yaing'ono kapena vaneti kukoka ngolo popanda maunyolo, koma apatulapo ngolo za nchito ya ulimi. Kamangidwe kake n'kofunika. Maunyolo awiri ayenera kupingasana pansi pa mkono wa ngolo, wa kumanja kupita kumanzere ndi wa kumanzere kupita kumanja. Ngolo ikamasuka, mkono ugwera pa mphambano ya maunyolowo ngati mwana pa nsalu, m'malo mozika mphuno m'phula ndi kugubuduza ngolo yonse. Akhale aatali moti galimoto ikhote bwino, koma osakhudza pansi, cifukwa unyolo wokwekwereza udyeka ndiponso uthetheka moto.

Caciwiri ndi cipangizo cogwira mabuleki ngolo ikamasukiratu. Pa mkono wa ngolo ya mabuleki a magetsi pali kabokosi kena kokhala ndi pini, ndipo piniyo yamangidwa ku kawaya kamene kakoloweka ku galimoto. Ngolo ikathawa, kawaya kazula pini, ndipo kabatire kokhala pa ngolo pomwepo katumiza mphamvu yake yonse ku mawilo. Lamulo la boma lalikulu la magalimoto a malonda lifuna kuti mabuleki agwire okha pomwepo ndi kukhalabe ogwira kwa mphindi zosacepera 15, ndipo zigawo zambiri, kuphatikizapo Florida, zinalemba nambala yomweyo. Mphindi 15 ndi nthawi yoti munthu aimitse galimoto, abwerere ndi kuchinga mawilo ndi miyala kapena mitengo. Nzeru yake ndi yakale. Inayambira pa sitima za pamtunda, pamene a George Westinghouse mu 1872 anapanga mabuleki a mphepo ogwira okha mabogi akadukana, ndipo malole aakulu a masiku ano atsata nzeru yomweyo: mphepo ikathawa, mawilo amangika.

Ambiri alakwa pa kawaya kaja. Akakulunga pa unyolo kapena pa cokolowekera comwe cija cimene cingathyoke, mwakuti pothawa ngolo ipita nako kawaya, pini osazuka. Kayenera kukoloweka pa citsulo ca galimoto yeniyeni, paokha. Cina ndi kabatire. Kakhala panja miyezi yambiri, padzuwa ndi pamvula, ndipo palibe cimene cionetsa kuti kanafa kufikira tsiku limene kafunika.

Kawirikawiri ngolo simasuka cifukwa cakuti citsulo cathyoka. Imasuka cifukwa munthu sanaikoloweke bwino. Kumbuyo kwa galimoto kuli kampira kacitsulo, ndipo kunsonga kwa mkono wa ngolo kuli cisoti cacitsulo cimene civala kampirako ndi kukhomedwa ndi loko. Ku America tumipirati tuli twa misinkhu itatu yofala: mainchesi 1 7/8, mainchesi 2 ndi mainchesi 2 5/16, ndiwo mamilimita pafupifupi 48, 51 ndi 59. Cisoti ca mainchesi 2 cikhala bwinobwino pa kampira ka 1 7/8, loko nkutsekeka, ndipo ndi maso palibe coonetsa colakwa. Pa bampu yoyamba yaikulu cisoti cidumpha. Pano pali cenjezo kwa aliyense woitanitsa ngolo kucokera ku America: ku Ulaya ndi kuno kum'mwera kwa Africa kampira kofala ndi ka mamilimita 50, pamene mainchesi 2 ndi mamilimita 50.8. Zifanana pamaso koma si cimodzi.

Kapakidwe ka katundu malamulo ambiri sakalongosola, komabe ndi kamene kabala kugwedezeka kuja. Langizo lofala ndi lakuti magawo 10 kufika 15 pa 100 a kulemera kwa ngolo atsamire pa kampira, ndipo katundu woculukirapo akhale kutsogolo kwa mawilo. Katundu akaunjikana kumbuyo, mkono upepuka, ndipo ngolo iyamba kuvina liwiro likangokwera kapena lole ikaipitirira.

Za nyale tingapite msanga, cifukwa pamenepo zigawo sizisiyana kwenikweni. Nyale zofiira za kumbuyo, za mabuleki, zosonyeza kukhota ndi zonyezimira zifunika pafupifupi kulikonse, ndipo muyezo wa boma lalikulu ufuna nyale zoonjezera zosonyeza m'mbali ndi pamwamba pa ngolo imene m'lifupi mwake ifika mainchesi 80, kupitirira pang'ono mamita awiri. Zigawo zambiri zifunanso magalasi oti woyendetsa aone mseu kumbuyo kwa ngolo.

Matayala ndiwo aiwalika, pakuti ngolo ikhala nthawi yaitali osayenda, ndipo tayala lake likalamba ndi kung'aluka mapanga ake akali akuya. Zimene tayala limodzi lingacite zinaoneka pa 23 Julayi 2018, pa mseu wa Highway 299 pafupi ndi Whiskeytown kumpoto kwa California. Tayala la ngolo linaphulika, citsulo ca wilo cinakhula phula, ndipo moto wothetheka unagwira udzu wouma m'mbali mwa mseu. Moto wa m'thengo umene unabuka, wochedwa Carr Fire, unatentha mahekitala pafupifupi 93,000, unafika mumzinda wa Redding, unaononga nyumba zoposa 1,000, ndipo anthu 8 anataya miyoyo. Ndico cifukwa cake m'zigawo zouma za kumadzulo akuluakulu a zozimitsa moto acenjeza kawirikawiri za matayala a ngolo ndi maunyolo okwekwereza.

Pali msampha wina umene ukhudza anthu a mabizinesi ang'onoang'ono, ndipo m'bale wathu aliyense amene akhala ku America nadzilemba yekha nchito yomanga, yochecha kapinga kapena yosamutsa katundu ayenera kuudziwa. Malamulo a FMCSA sayamba pa malole aakulu okha. Ngati galimoto ndi ngolo pamodzi zili ndi muyezo wofika mapaundi 10,001, pafupifupi matani anai ndi theka, ndipo zidutsa malire a cigawo pa nchito ya malonda, ndiye kuti zalowa m'manja mwa boma lalikulu. Vaneti yaikulu ndi ngolo ya maekiselo awiri zifika pamenepo mosavuta. Zikatero ufulu uja wa ku Texas watha. Mabuleki afunika pa mawilo onse, kupatula pa ngolo ya mapaundi 3,000 kapena kucepera imene siposa magawo 40 pa 100 a kulemera kwa galimoto. Ndipo muyezo wa zonse pamodzi ukafika mapaundi 26,001, ngolo yokha nkupitirira mapaundi 10,000, pafunika laisensi ya oyendetsa magalimoto a malonda.

Kunja kwa malire amenewa, m'zigawo zoculuka laisensi wamba ikwanira. Munthu amene sanakokepo ngakhale wilibala angabwereke ngolo m'mawa ndi kulowa nayo mumseu waukulu masana, popanda mayeso kapena phunziro. California ndi cimodzi mwa zigawo zimene zifuna laisensi yapadera pa makalavani aakulu, opitirira mapaundi 10,000. Kupima nako kusiyana. Ku New York ngolo zipimidwa caka ndi caka, pamene Texas kuyambira pa 1 Januwale 2025 analeka kupima caka ndi caka za citetezo pa magalimoto amene si a malonda. Kumene kulibe kupima, woona ngati mabuleki a ngolo ali moyo ndi mwini wake yekha, kapena wapolisi ngozi itacitika kale.

Tikayerekeza ndi maiko ena, malire a ku America ndi otakasuka. Ku Britain ngolo yopanda mabuleki siyenera kupitirira makilogiramu 750, ndiponso siyenera kuposa theka la kulemera kwa galimoto yoikoka. Ku South Africa malamulo a caka ca 2000 atsata njira yofananayo. Mapaundi 3,000 aja atsala pang'ono kuwirikiza kawiri makilogiramu 750, ndipo malire a Texas atsala pang'ono kuwirikiza katatu. Anthu a kumeneko angayankhe kuti magalimoto ao ndi aakulu ndi olemera, ndipo pa mavaneti n'zoona. Koma lamulo lochula nambala ya ngolo yokha silifunsa ngati cokoka ndi vaneti yaikulu kapena kagalimoto ka banja, ndipo apo ndi pofooka pake.

Cindapusa ca wapolisi ndi mbali yaing'ono ya nkhaniyi. Mbali yaikulu ili m'khoti. M'zigawo zambiri, munthu akaphwanya lamulo loteteza anthu, nkuvulaza munthu amene lamulolo linali kuteteza, kuphwanyako kutengedwa ngati umboni wakuti anacita mosasamala, ndipo milandu ya cipepeso ku America ifika pa ndalama zimene zingamize banja. Ngakhale amene anatsata lamulo la cigawo cake sapulumuka nthawi zonse. Loya wa wovulala angatsegule buku la wopanga galimoto pamaso pa khoti ndi kuonetsa tsamba limene linalamula mabuleki pa mapaundi 1,000.

Kwa woyenda ulendo wodutsa zigawo zingapo, njira yosavuta ndi kuyang'ana cigawo cokhwimitsa koposa pa ulendowo ndi kukonza ngolo molingana naco. Sikelo za malole zimene zipezeka pa malo omwetsera mafuta m'miseu ikuluikulu zilandira aliyense pa mtengo wocepa, ndipo zionetsa kulemera kwenikweni, kumene nthawi zambiri kuposa zimene mwini anali kuganiza. Kabatire kaja nako kali ndi kayesedwe kake. Ngolo ili yokolowekedwa pamalo athyathyathya, zulani pulagi ya magetsi, zulaninso pini ndi dzanja, kenaka yesani kusuntha galimoto pang'ono. Mawilo a ngolo akakana, cipangizo cili bwino. Akagubuduka, kabatire kafa kapena waya waduka penapake. Pini ibwezedwe msanga mukatha kuyesa, cifukwa ikakhala kunja maginito atentha ndipo kabatire katha mphamvu.